Khala Lamoto Pamwamba pa Pholo

Nyumba yathu yoyamba m'banja inali ya boma, pakamsika kena m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Nguludi. Amuna anga anali alangizi a zaulimi, ndipo atawatumiza kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ine ndinawatsatira ndili woyembekezera mwana wathu woyamba. Ndinakulira ku Nchema, kumudzi kwa koloboyi, choncho tsiku lomwe ndinalowa m'nyumbamo n'kuona babu lili lende kudenga, ndinadziona ngati ndakwatiwa ku Limbe.

Magetsi athu ankachokera pa pholo lomwe linaima pangodya ya bwalo, pakati pa nyumba yathu ndi ya aneba. Pamwamba pake panali chimgolo chotuwa chachitsulo chokhala ndi nthiti m'mbali, chomwe amuna anga anati dzina lake ndi thiransifoma. Nthambo zochokera kutali zinkalowera pamwamba, zina n'kutulukira m'mbali kupita m'nyumba zathu ndi kumagolosale. Kuti pholo lisapendame, analikoka ndi waya wokhuthala wopota amene anatsika chopendekera n'kulowa m'nthaka. Pa waya ameneyo amayi a pamalopo anamangirirapo waya wina woonda wokafika pamtengo wa mango, woyanikapo zovala. Ndinaupeza ulipo kale, utachita kusalala ndi manja a anthu, ndipo tonse tinkayanika pomwepo.

Aneba athu anali Ayao, Asilamu. Bamboyo anali telala, munthu wamtali wosayankhulayankhula, amene ankaswera pakhonde akupalasa makina ake, kachipewa koyera kali kumutu. Mkazi wawo anali wosiyana nawo kutalitali. Anali wamfupi, wojintcha, woseka mokweza, ndipo Chinyanja chawo chinkatuluka ndi lilime la Chiyao moti masiku oyamba ndinkachita kutchera khutu. Ana awo anali atakula, wamkazi anakwatiwa cha ku Mbombwe, wamwamuna anali kutauni. Mayiwo ankakazinga mandasi m'mawa uliwonse n'kumagulitsa pamsewu. Tsiku lachiwiri nditafika anandipeza ndikulimbana ndi nkhuni zonyowa.

"Mwana iwe, moto sakoleza choncho. Uphetsa mwana wa eni ake m'mimbamo ndi utsi. Tasuntha."

Kuchokera tsiku limenelo ndinkawatchula kuti achemwali. Nthawi yanga itakwana, amuna anga anali kumidzi kukayendera alimi, ndipo ndi achemwaliwa amene anandiperekeza wapansi mpaka kuchipatala ku Nguludi, akundigwira m'chiuno, akundinyoza njira yonse kuti ndikuyenda ngati bakha kuti ndiseke ndiiwale ululu. Mwana wanga wamkazi anayamba kusambitsidwa ndi manja awo, amayi anga asanafike n'komwe kuchokera kumudzi.

Thiransifoma inkalira nthawi zonse, koma pansipansi, ngati njuchi zili m'phanga la mtengo. Sabata zoyamba ndinkaimva, kenako makutu anazolowera.

Zinthu zinasintha pamene kunatsegulidwa chigayo kumunsi kwa msika. Mwini wake anali bambo wina amene anakhalitsa kumigodi ku Joni. Anabwerako ndi zala ziwiri zoduka, mkazi wake anali atamwalira, ndipo ankakhala yekha kuseri kwa chigayocho. A magetsi anakoka nthambo kuchokera pa pholo lathu lomwelo kukafika kwa iye. Tinasangalala, chifukwa kale tinkasenza chimanga mtunda wautali. Koma chigayo chikangoyamba, babu lathu linkagwa mphwayi n'kusanduka lofiirira ngati likufuna tulo, wailesi n'kumayankhula ngati munthu wodwala chimfine. Ndipo kulira kwa pamwamba pa pholo kunasintha. Sikunalinso kwa njuchi. M'kati mwake munalowa kaphokoso kena kothetheka, ngati madzi akadonthera m'mafuta otentha.

Oyamba kuona anali achemwali. Anali madzulo a mwezi wa chisanu, dzuwa litangolowa kuseri kwa mapiri, chigayo chikumalizitsa matumba a tsiku la msika. Ndinali kukhitchini pamene anandiitana, osati mokuwa monga ankachitira, koma motsitsa mawu.

"Achemwali anga, tabwerani kuno. Tayang'anani m'mwambamo. Maso angawa akundinamiza?"

Pambali pa chimgolo chija, pamene nthambo imodzi inamangidwa ndi bawuti, panali kanthu kofiira. Kanali kochepa ngati khala limodzi lotsala m'mbaula. Sikanali lawi. Kankangofiira, n'kuzirala pang'ono, n'kufiiranso, ngati pali wina akukauzira. Mphepo itatembenuka tinamva fungo ngati la tayala lopsa.

"Moto wopanda nkhuni," anatero achemwali. "Ine sindinauonepo."

Chigayo chitazima, kofiirako kanayamba kuda pang'onopang'ono mpaka kanasowa. Tinaimabe pomwepo, mwana ali kumsana kwanga.

Kuyambira pamenepo tinkakaona pafupifupi madzulo alionse. Masiku a chiperoni, kamvula kowaza kakamagwa, pamalopo pankatuluka nthunzi ndi kaphokoso koti tsii, tsii. Tsiku lina m'mawa ndikusesa ndinapeza timibulu totuwa pansi pa pholo, tolemera ngati machaka a mfuti, tozizira. Amuna anga anatiika pachikhatho n'kunena kuti ndi chitsulo chosungunuka chomwe chadontha kuchokera kumwamba. Udzu wa patsinde pa pholo unauma mozungulira. Tsiku lina tinapeza namzeze atafa pomwepo, nthenga za phiko limodzi zitapsa.

Pamsika nkhani inayenda mwamtundu wina. Amayi kumpopi ankanong'onezana kuti chigayo sichiyenda ndi magetsi okha, mwini wake anabwera ndi zake kuchokera ku Joni. Ankati amasunga ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga n'kudulidwa lilime kuti azigwira ntchito mosaoneka, ndipo kofiira ka pa pholo kaja ndi diso lake, likuyang'ana m'makomo mwathu kusankha wotsatira. Ine ndinali wa kwaya kutchalitchi, sukulu ndinapitako, ndipo ndinkati zimenezo n'zabodza. Komabe ndikamatseka zenera la kuchipinda madzulo, ndinkatseka nditayang'ana kumbali.

Achemwali ankaseka zonsezi. "Ndondocha yake iti yokhala pamwamba pa pholo ngati khwangwala? Ikatsika ndidzaipatsa mandasi, mwina ili ndi njala." Koma nawonso anasamutsa mpando wawo wogulitsirapo, kuuchotsa pamthunzi wa pholo n'kuuika kutsidya kwa msewu.

Amuna anga ndi atelala anapita limodzi kupositi ofesi kukaimba foni kwa a magetsi. Anabwera ndithu, patapita masabata, anthu atatu pagalimoto yokhala ndi makwerero pamwamba. Anafika masana dzuwa lili paliwombo, tsiku lomwe chigayo chinali chitaima chifukwa lamba anaduka. Anaima pansi pa pholo ataphimba maso ndi manja. Panalibe chofiira, panalibe fungo. Wamkulu wawo, bambo waulemu ndithu, anamvetsera zonse, anaona timibulu tija, n'kugwedeza mutu.

"Ndiye kuti bawuti yamasuka, kapena palowa dzimbiri pamene nthambo zakumana. Magetsi akamadutsa movutikira pamalo potero, pamatentha. Koma kuti tikwerepo mpaka tizimitse mzere wonse, ndipo chilolezo chake lero tilibe. Tibweranso. Pakadali pano ana asamasewere pansi pake."

Anapita. Za waya wokoka pholo uja, ndi wathu woyanikapo zovala, palibe amene anazitchula, ngakhale iwo ngakhale ife. Tonse tinkayang'ana kumwamba.

Sanabwerenso mwezi umenewo, ngakhale wotsatira wake. Ndinauza amuna anga kuti akaimbenso, koma anandiyang'ana mwa njira yomwe ndinali nditayamba kuidziwa. Masiku amenewo munthu sunkadandaula kawiri za chinthu cha boma. Magetsi anali chitukuko, ndipo wodandaula za chitukuko ankafunsidwa kuti kodi ali mbali iti. Iwo anali antchito a boma, okhala m'nyumba ya boma. Anati tidikire, anthu aja analonjeza.

Tinadikira, chisanu n'kutha, dzuwa la mwezi wa khumi n'kufika. Kofiira kaja kanakula. Tsopano kankaoneka ngakhale kusanade bwinobwino, ndipo nthawi zina kankalavula nthethe zomwe zinkazima zisanafike pansi. Chodabwitsa n'chakuti tinazolowera. Tinkaphika, tinkachapa, tinkayanika, tinkatongola nandolo pakhonde, chinthucho chili pamwamba pathu. Alendo okha ndi amene ankaima n'kuloza.

Tsiku lake linali Lachisanu, masiku a mvula yoyamba. Atelala anali atavala mkanjo wawo woyera n'kupita kumzikiti, amuna anga anali kumidzi. Kuyambira m'mawa kunali chifundizi, ndipo chigayo chinkalira osapuma chifukwa anthu ankafuna kugayitsa mvula isanatseke njira. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndikuyamwitsa. Mitambo inadza mofulumira kuchokera kuphiri, mphepo inanyamula fumbi, madontho akuluakulu n'kuyamba kumenya malata. Ndinamva kuphulika, phuu! Ndinayesa bingu. Wailesi ya m'nyumba inangoti zii, ndipo kumunsi chigayo chinabuula n'kuima.

Pomwepo achemwali anatuluka m'nyumba mwawo chothamanga, opanda nsapato, chitenje atachikwinyira m'mwamba. Pawaya panali nsalu za makasitomala a amuna awo zomwe anazichapa kuti zichoke sitachi. Anandiona, n'kuseka.

"Mvula ija yabwera, achemwali! Chaka chino tidzala msanga!"

Anatambasula dzanja n'kugwira waya.

Sanakuwe. Chimenechi anthu ambiri sankakhulupirira ndikawauza. Thupi lawo linangouma gwa, mutu unapendekera kumbuyo, dzanja linafumbata waya ngati safuna kuti wina awalande. Nsalu zinkagwedezeka mzere wonse mpaka kumtengo wa mango. Ine ndinayesa akuchita nthabwala zawo zija. Kenako ndinakweza maso n'kuona nthambo ija, yomwe inkafiira miyezi yonseyi, itaduka pamalo omwewo, nsonga yake itagwera pa waya wokoka pholo, ikuthetheka m'mvula.

Ndinaika mwana pansi, sindikumbuka kuti ndinamuika pati. Ndinathamanga ndikukuwa. Ndikanawagwira, ndipo lero sindikanalemba izi. Amene anandigwira kuchokera kumbuyo n'kundiponyera m'matope anali mwini chigayo. Anali atathamanga kuchokera kumunsi kudzaona chomwe chaimitsa makina ake.

"Musawakhudze, mayi! Mufa nonse awiri!"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa m'khitchini mwanga, n'kutuluka ndi munsi wouma. Anamenya waya woyanikira uja pafupi ndi mfundo yake, kamodzi, kawiri, mpaka unaduka. Achemwali anagwa chagada, nsalu zija n'kuwagwera pamwamba.

Anthu anadzaza bwalo, koma onse anaima patali. Mwini chigayo yekha ndiye anagwada, akuwapsinja pachifuwa monga anaphunzirira kumigodi, mvula ikumukhuthukira pamsana. Kenako anawanyamula, anyamata awiri n'kumuthandiza, kuwakweza palole yake yakale. Ine ndinakwera kumbuyo, mutu wawo uli pamiyendo panga. Pachikhatho chawo panali mzere woyera wopsa, wowongoka ngati wolemba ndi choko. Kupatula pamenepo panalibe bala lina lililonse. Nkhope yawo inali yonyowa, ndipo njira yonse ndinkaipukuta ndi chitenje, mvula n'kumainyowetsanso. Titafika ku Nguludi, asisitere anawagwira pakhosi, anawayang'ana m'maso, n'kundigwira ine paphewa.

Atelala anamva ali panjira yochokera kumzikiti. Anafika kuchipatala wapansi, mkanjo uli matope mpaka m'mawondo. Sanalire pamaso pathu. Anangofunsa ngati angawatenge tsiku lomwelo.

Achemwali anaikidwa m'mawa mwake, mwa Chisilamu, mofulumira kuposa momwe mtima wanga unkafunira. Amayi achisilamu anawasambitsa n'kuwakulunga m'nsalu yoyera. Amuna ananyamula jeneza, lomwe ndi chithatha chawo cha maliro, akulandizana pamapewa, ndipo ife amayi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo wawo. Ndinaima pakhonde n'kumayang'ana mpaka anakhota kuseri kwa magolosale. Kwathu timaimba nyimbo mpaka kumanda. Apa panalibe nyimbo, ndipo sindinadziwe kuti chisoni changa ndichiike pati.

Tili pamaliro pomwepo, galimoto ya makwerero inafika. Anazimitsa mzere wonse. Mmodzi anakwera, anamasula chotsalira cha nthambo, anapala ndi bulashi yawaya, anapaka girizi, anaika chomangira chatsopano n'kumanga mabawuti. Phala la mwana lomwe ndinateleka atayamba kukwera linali lisanapse pamene ankatsika. Wamkulu wawo uja anabwera kudzakhala pansi pamodzi ndi amuna a pamaliro, chipewa chili m'manja, ndipo sanadzutse mutu. Chomangira chakale anachisiya patsinde pa pholo. Ndinachitola. Chinali chaching'ono, chokwana m'dzanja limodzi, chakuda, chodyeka mbali imodzi ngati chinangwa chomwe mbewa yayamba. Ndinachiponya m'chimbudzi.

Kofiira kaja sikanaonekenso. Babu linkawala bwino ngakhale chigayo chikuyenda. Koma chigayocho sichinayendenso masiku ambiri. Pamsika anthu anali atagamula kale mlandu: ndondocha yatenga munthu wake. Ankati n'chifukwa chake mwini chigayo anafika msanga pamalopo, n'chifukwa chake anadziwa chochita, n'chifukwa chake anawanyamula yekha. Ine ndinkawauza kuti munthu ameneyu ndiye anandipulumutsa, ndinaona ndi maso anga, koma ankangondimvera chisoni ngati wosokonezeka mutu. Amayi anayambanso kusenza chimanga mtunda wautali uja. Amuna anga ankapititsabe chathu kwa iye panjinga, ndipo ankamupeza atakhala yekha pathumba lopanda kanthu, makina ali chete. Tsiku lina anawauza kuti, "Alangizi, ku Joni ndinakumba anzanga m'miyala ndi manja angawa. Kumeneko ankandithokoza." Dzinja lisanathe anamasula makina ake, anakweza palole n'kupita. Palibe anadziwa kuti analowera kuti.

Ine zovala ndinayamba kuyanika paudzu ndi pamiyala, ngati kumudzi. Kwa nthawi yaitali sindinkatha kugwira chinthu chachitsulo chonyowa. Chitseko cha bafa ndinkachikankha ndi chigongono. Ndipo panali china chomwe sindinauze ngakhale amuna anga. Masana alionse mitambo ikamasonkhana kuphiri, mphepo ija yotsogolera mvula ikamadza, ndinkamva chitseko cha aneba chikutseguka ndi mapazi opanda nsapato akuthamanga pabwalo. Sindinkaona kanthu. Sindinkamva mawu. Mapazi okhawo, kuchokera pakhomo pawo kufika pakati pa bwalo, n'kuima. Ndinkakhala m'nyumba nditakumbatira mwana, kudikira kuti madontho ayambe kumenya malata aphimbe zonse. Mwana wanga, yemwe anali atayamba kukwawa, nthawi zina ankatembenukira kukhomo n'kutambasula manja ngati pali womunyamula.

Atelala anapitiriza kusoka, koma analowetsa makina m'nyumba. Magetsi sanayatsenso. Madzulo pazenera lawo pankaoneka kuwala kwachikasu kwa nyali ya parafini. Ndinkawapatsa ndiwo zamasamba ndi nandolo, zomwe ndinkadziwa kuti angadye za m'khitchini ya Mkhristu, ndipo ankalandira ndi manja awiri, n'kubweza mbale itatsukidwa. Za tsiku lija sitinakambepo. Tinkapatsana moni, basi.

Chimanga chitayamba kucha, mwana wawo wa ku Mbombwe anabwera ndi mwamuna wake kudzawatenga. Makina osokera anawamanga pangolo, pamodzi ndi bedi ndi chiwaya chachikulu chokazingira mandasi. Zonse zitakwera, atelala anabwera pakhomo pathu. Amuna anga anawapatsa mpando, koma anakana. Anayang'ana ine.

"Mayi, ndakhala ndikufuna kukufunsani. Inu ndi amene munalipo."

"Eya, bambo, ndinalipo."

"Anayankhula?"

Ndinadziwa chomwe ankafuna kumva. Asilamu amalakalaka kuti munthu atsirizike dzina la Mulungu lili pakamwa. Mwinanso ankafuna kumva kuti anawaitana iwo. Zonse ziwiri ndikanatha kunena, ndipo panalibe wondigwira bodza. Koma anali atadikira miyezi yonseyi kuti afunse, ndipo ndinaona kuti munthu wotere sayenera kupatsidwa mawu ongopeka.

"Anati mvula yabwera, chaka chino tidzala msanga. Ankaseka."

Anayang'ana pansi.

"Ankaseka?"

"Ankaseka, bambo. Mokweza."

Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinaona mano awo. Sindikudziwa ngati kunali kumwetulira kapena china.

"Ndi yemweyo," anatero. "Ndinakhala naye zaka zonsezi, sindinamupeze tsiku limodzi ali chete."

Anagwira mwana wanga pamutu, ananena mawu ena m'Chiarabu omwe sindinawamve, n'kutsika pakhonde. Sanakwere ngolo. Anayenda pambuyo pake, dzanja limodzi litagwira makina kuti asagwedezeke pamabampu.

M'nyumba mwawo munalowa banja lina, la mphunzitsi wochokera ku Thyolo, anthu abwino okhala ndi ana ambiri. Sabata yoyamba mayi wake anandifunsa kuti kodi pano anthu amayanika pati zovala. Ndinamusonyeza miyala ya kuseri kwa nyumba. Anandiyang'ana modabwa, koma sanafunse zambiri, ndipo tinapita limodzi kukayala matewera padzuwa.